Uta wokokeka mwamyaa: zimene ndapeza pa Elite Synergy posaka nyama ku Limpopo

Munthu akalowa m'sitolo yogulitsa mauta ndi mivi ku Pretoria kapena ku Polokwane, funso limene amayamba nalo nthawi zambiri ndi la liwiro, ndipo wogulitsa naye amathamangira kumuonetsa kapepala kolendewera pa utawo, kamene palembedwa mafiti amene muvi umathamanga pa sekondi imodzi. Ine ndagwira ntchito zaka zingapo pa famu ya nyama zakutchire m'dera la Waterberg, m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, ndipo ntchito yanga ndi kuperekeza alenje, kukhala nawo m'chisakasa chobisalamo pafupi ndi dziwe, ndiponso kulondola mapazi ndi magazi a nyama imene yalasidwa. M'zaka zimenezi ndaona mauta ambiri akukokedwa nyama ili pafupi, ndipo ndakhutira kuti chimene chimasiyanitsa mlenje wobwerera ndi nyama ndi mnzake wobwerera chimanjamanja si liwiro ayi, koma mmene uta wake umakokekera kuyambira pamene nsinga yachoka pamalo pake kufikira pamene yafika patsaya. N'chifukwa chake pamene ndinkagula uta wanga wachiwiri ndinasankha Elite Synergy, ndipo popeza ndausakira nyengo zitatu zachisanu, ndikuona kuti tsopano ndingathe kunena zabwino zimene uli nazo ndi zimene ukuperewera.

Amene anakulira kumudzi amaudziwa uta wosemedwa kumtengo umodzi, umene umanka nulimba munthu akamaukoka, kotero kuti pamene nsinga yafika kumaso m'pamene mkono ukusenza mphamvu yonse, ndipo palibe nthawi yodikira. Uta wa mawilo unabwera kudzathetsa vuto limenelo. Anauyambitsa Holless Wilbur Allen wa ku Missouri ku America, amene anapempha chilolezo cha umwini wa luso lakelo mu 1966 n'kupatsidwa mu 1969. Kumapeto kwa mikono iwiri ya uta kumakhala mawilo amene si obulungira bwinobwino, amene ogulitsa amawatcha cam, ndipo nsinga ikamakokedwa mawilowa amagudubuka n'kusintha mmene mphamvu ikugwera pa mkono wa munthu. Poyamba kukoka kumalimba mpaka kufika pachimake, kenako kumapepuka, ndipo pofika kumapeto munthu amangogwira kagawo kochepa ka mphamvu yonse. Kupepuka kumeneku amakutcha let-off. Uta wofuna mphamvu ya mapaundi 60 pokoka, umene let-off yake ndi 80 peresenti, umasiya mapaundi 12 okha m'dzanja la mlenje nsinga ikafika kumapeto, ndipo ameneyo angathe kudikira kuti nyama itembenuke bwino asanamasule muvi.

Zimenezi zili pa uta uliwonse wa mawilo. Kusiyana kuli pa njira imene mphamvu imadzera pakati pa poyambira ndi pothera, ndipo njirayo imadalira mmene wilo lasemedwera. Ine ndimakonda kuifanizira ndi ulendo wokwera phiri n'kutsikira m'chigwa, ndipo mawu akuti chigwa ndi amenenso akatswiri a mauta amagwiritsa ntchito m'Chingerezi potchula kamalo kakumapeto kamene nsinga imapepukira. Kuseri kwa chigwacho kuli khoma, kutanthauza pamene nsinga imaimira osathanso kupita kumbuyo. Wopanga uta akafuna liwiro lalikulu alibe kumene angalitenge koma m'mapewa a munthu wokokayo, pakuti uta supanga mphamvu, umangosunga imene wapatsidwa. Choncho amasema wilo loti kukoka kufike pachimake mwamsanga, kukhalebe pachimakepo mtunda wautali, kenako kugwere m'chigwa mwadzidzidzi ngati munthu waterereka paphompho, ndipo chigwacho chimakhala chachifupi kwambiri. Uta wokokeka mwamyaa umakwera phirilo pang'onopang'ono, sukhalitsa pamwamba, umatsika mwaulemu, ndipo chigwa chake chimakhala chotakata. Malipiro ake ndi akuti umasunga mphamvu yocheperapo, ndiye kuti muvi wake umathamanga mocheperapo.

Zimenezi ndinazimvetsa bwino nditapweteka nazo. Uta wanga woyamba, umene dzina lake sindilitchula chifukwa wolakwa ndinali ine pousankha, unali wa mapaundi 70 ndipo unkatamandidwa chifukwa cha liwiro. Masana ndikaimirira pabwalo loyeserera, thupi litatenthedwa, ndinkaukoka popanda vuto ndipo mivi inkagwera pamodzi pachandamale. Koma ulenje wa ku Limpopo umachitika m'miyezi yachisanu, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene madzi achepa kutchire ndipo nyama zimakakamizika kubwera kudziwe. Tsiku lina mu Juni ndinalowa m'chisakasa kusanache, ndipo ndinakhala pampando maola atatu osasuntha, chisanu chitalowa m'mafupa. Cha m'ma 9 koloko ngoma yaimuna inatulukira m'zitsamba, nyanga zake zopotana zikuoneka pamwamba pa minga, ndipo inaima nthawi yaitali ikutembenuza makutu ake aakulu aja isanayandikire madzi. Itaweramitsa mutu pa mtunda wa mamita 18, ndinayamba kukoka. Nsinga inafika pakati n'kuima. Minofu inali itauma ndi kuzizira, ndipo kuti ndidutse pachimake paja ndinakweza uta m'mwamba n'kukoka ndi thupi lonse. Nsinga inagwera m'chigwa ndi chigugu, muvi unagunda pachoikira chake n'kulira kuti kwe, ndipo ndisanapeze n'komwe nyamayo m'kaboo koyang'anira, ngoma inali itauwa kamodzi n'kulowa m'tchire. Chotsatira chake chinali kupweteka kwa phewa lamanja kumene kunanditengera milungu yambiri kuti kuleke, ndipo nyengo imeneyo sindinakokenso uta.

Elite Synergy ndi uta umene kampani ya Elite Archery ya m'boma la New York inatulutsa mu 2015. Kutalika kwake kuchoka pa wilo lina kufika pa linzake ndi mainchesi 33 ndi theka, mpata wa pakati pa chogwirira ndi nsinga ndi mainchesi 7 ndi pang'ono, ndipo liwiro limene analemba ndi mafiti 325 pa sekondi, pamene mauta ena a nthawi yomweyo ankalengeza 340 kapena 350. Wanga ndinagula wogwiritsidwapo kale ntchito, wa mikono ya mapaundi 60, ndipo anauchuna kuti ugwirizane ndi kutalika kwa kakokedwe kanga, kumene ndi mainchesi 28. Uli ndi mawilo awiri ofanana, lakumwamba ndi lakumunsi, olumikizidwa ndi zingwe zochoka pa wilo lina kupita pa linzake, kotero kuti amazungulira limodzi ndipo sachedwa kugwirizanitsa akasemphana.

Chimene munthu amamva akaugwira koyamba n'chakuti palibe malo amene utawu umalimbana naye. Mphamvu imakwera mosadzidzimutsa m'mainchesi oyambirira, pamene mkono uli kutsogolo ndipo minofu ya kumsana isanayambe kugwira bwino ntchito. Pamene chigongono chikudutsa khutu, kumene thupi la munthu limayamba kufooka, utawo wayamba kale kupepuka, ndipo palibe kaphiri kachiwiri kobisala kumapeto monga kamene kali pa mauta ambiri aliwiro. Ndikhoza kuukoka nditakhala pampando, mapazi onse ali pansi, uta ukuloza kumene kuli nyama, ndi kutenga masekondi asanu kapena kuposa kuti nsinga ifike patsaya, ndipo ndikhoza kuima pakati ngati nswala yadzutsa mutu, n'kupitiriza ikaweramanso. Ichi ndicho chinthu chachikulu chimene ndinagulira utawu, ndipo sunandigwiritse mwala. Nyama zobwera kudziwe zimadziwa kuti pamadzi m'pamene pali imfa, ndipo diso lawo limagwira msanga chinthu chosuntha mwachangu kuposa chosuntha pang'onopang'ono, ngakhale munthu ali mumdima wa m'chisakasa.

Khoma lake ndi lolimba kwenikweni, chifukwa pa mawilo pali tizitsulo timene timakagunda pa mikono ya uta nsinga ikafika kumapeto. Mauta ena amaimitsa nsinga pogunda chingwe, ndipo popeza chingwe chimagonja pang'ono, khoma lake limakhala lofewa. Pa Synergy nsinga ikaima yaima, ndipo dzanja limafika pamalo amodzimodzi pansi pa chibwano nthawi zonse. Chigwa chake n'chotakata moti ngakhale mkono utatopa n'kulola nsinga kupita kutsogolo pang'ono, uta sukutsomphola. Pa uta wanga wakale uja, ukangopumula pang'ono chabe nsinga inkafuna kuthawa ndi dzanja, ndipo mantha amenewo ankachititsa kuti ndimasule muvi nthawi isanakwane. Ndikukhulupirira kuti nyama zambiri zimene ndalondola mtunda wautali zitalasidwa pamimba kapena pantchafu zinalasidwa ndi anthu amene uta unawakakamiza kumasula msanga, osati amene sadziwa kulasa.

Pali mbali ina imene ogula ambiri saiyesa, ndiyo kubweza nsinga popanda kuponya muvi. Chaka chatha ndinakokera nyumbu yaimuna imene inali itaima chammbali bwino lomwe, koma nditangofika pakhoma, yaikazi inabwera n'kuima kuseri kwake, kotero kuti muvi ukanapyoza yoyambayo ukanakalasanso yachiwiri. Ndinadikira mwina mphindi yathunthu nsinga ili patsaya, ndipo zitaoneka kuti sizisuntha, ndinayenera kubweza. Apa ndiyenera kunena zoona kuti ngakhale pa uta uwu kubweza sikophweka monga kukoka, chifukwa munthu amachoka pa mapaundi 12 kubwerera ku 60, ndipo chigwa chikakhala chotakata umachita kukankhira nsinga kutsogolo kuti ituluke, kenako mphamvu imabwera. Koma imabwera mokwera pang'onopang'ono, ndipo ndinatha kuitsitsa mpaka pansi muvi usanagwe pachoikira. Nyumbu zinapitiriza kumwa. Patapita kanthawi yaikazi ija inachoka, ndinakokanso kachiwiri, ndipo muvi unalowa kuseri kwa phewa. Nyamayo inagwa isanathe mamita 70.

Tsopano za liwiro, pakuti apa m'pamene anthu ambiri amasocheretsedwa. Nambala imene imalembedwa pa uta imayesedwa potsata muyeso wa bungwe la alenje osaka ndi mauta lotchedwa IBO, umene umafuna uta wa mapaundi 70, wokokedwa mainchesi 30, ndi muvi wopepuka wa ma grain 350, omwe ndi magalamu pafupifupi 23. Alenje ochepa kwambiri ndi amene amasaka ndi zinthu zotere. Inchi iliyonse imene munthu wachotsa pa kutalika kwa kakokedwe imachotsa mafiti pafupifupi 10 pa sekondi, ndipo muvi ukalemera liwiro limatsikanso. Wanga, wa mapaundi 60 ndi mainchesi 28, ndimauponyera muvi wa ma grain 480, omwe ndi magalamu 31, ndipo pa makina oyezera liwiro umaonetsa mafiti pafupifupi 240 pa sekondi, kapena kuti mamita 73. Wina akhoza kunena kuti n'zochepa, koma tiyeni tiwerengere. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye kuti nswala imene ili pa mamita 20 imamva kulira kwa nsinga muvi usanayende ngakhale mamita asanu. Muvi wanga umatenga nthawi yopitirira pang'ono kota ya sekondi kuti ufike. Wa munthu amene uta wake ukuponya mafiti 290 umafika msanga ndi magawo asanu okha mwa magawo 100 a sekondi. Palibe uta umene ungapose phokoso lake lomwe, ndipo nswala kapena njiri yochenjera imatha kugwetsa thupi pansi pokonzekera kudumpha muvi uli m'njira, kaya utawo ndi waliwiro kaya ayi. Chimene chimathandiza ndi kulasa nyama yodekha, imene sinaone chilichonse chikusuntha, ndi uta wosachita phokoso. Muvi wolemera umameza mphamvu yambiri ya uta, ndipo yotsala yoti isanduke phokoso ndi kunjenjemera imachepa. Synergy ndi muvi wangawu amangoti fuu, ndipo dzanja silimva kugwedezeka kwenikweni.

Ena amadera nkhawa kuti mapaundi 60 sangapyoze nyama zazikulu za kuno. Mphamvu ya muvi wanga ikawerengedwa monga amachitira akatswiri, pochulukitsa ma grain ake ndi liwiro la mafiti pa sekondi, n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, kenako n'kugawa ndi 450,240, imakwana pafupifupi 61 pa muyeso wa foot-pound, ndipo ndi nsonga yakuthwa ya mipeni iwiri yosapindika ndalasa nayo nswala, njiri, ngoma ndi nyumbu, ndipo nthawi zambiri muvi umatulukira mbali inayo. Kafukufuku wa Ed Ashby, amene anayambira m'nkhalango ya Mkuzi ku Natal, kuno ku South Africa, m'zaka za m'ma 1980, anasonyeza kuti kulemera kwa muvi, kulimba kwake ndi mtundu wa nsonga n'zimene zimathandiza kwambiri kuti muvi ulowe mozama, makamaka ukakumana ndi fupa, ndipo iye ankalimbikitsa mivi ya ma grain 650 kapena kuposa pamene pali mafupa okhuthala. Pa ntchefu kapena mbidzi ndingawonjezere kulemera kwa muvi. Pa njati, uta wangawu sindingautengere n'komwe, chifukwa imeneyo ndi nyama ya mauta a mapaundi ochuluka kwambiri ndi anthu amene akonzekera mwapadera.

Si zonse zimene zili bwino pa utawu. Choyamba, n'ngolemererapo. Wopanda kanthu umakwana makilogalamu awiri, ndipo ukaikapo choyang'anira, choikira muvi, chitsulo chochepetsa kugwedezeka ndi phodo la mivi isanu, umamveka pamkono munthu akamayenda nawo tsiku lonse m'miyala ya Waterberg. M'chisakasa kulemerako n'kwabwino, pakuti uta wolemera sugwedezeka poloza, koma wokonda kusaka moyenda wapansi aganizire zimenezi. Chachiwiri, kutalika kwake kumafuna chisakasa cha denga lokwera. M'zisakasa zokumbidwa pansi palibe vuto, koma m'timatenti tonyamula m'manja ndimayamba ndayesa ngati wilo lakumwamba silikhudza denga, chifukwa wilo likagunda kanthu muvi ukuchoka, muviwo umapita kwina. Chachitatu, kusintha kutalika kwa kakokedwe si ntchito yochitira kunyumba. Pamafunika kugula tizitsulo tina toika pa mawilo, tolingana ndi kutalika kumene munthu akufuna, ndiponso makina opanikizira uta, ndipo popeza utawu anasiya kuupanga, tizitsuloto timafuna kufunafuna. Wogula wogwiritsidwapo kale ntchito aonetsetse kuti ukugwirizana ndi thupi lake asanapereke ndalama. Chachinayi, kuchepa kwa liwiro kuli ndi mtengo wake mtunda ukatalika. Mpaka mamita 25 kulakwitsa pang'ono poyerekeza mtunda sikuvulaza kwenikweni, koma kupitirira mamita 30 muvi wolemera umagwa mofulumira, ndipo kusiyana kwa mamita atatu okha kungachititse kuti ulase pansi pa chifuwa. Ine ndimayeza mtunda wa miyala ndi zitsa zozungulira dziwe ndisanakhale pansi, ndipo sindiponya kupitirira mamita 30. Amene amasaka kumalo oyera ngati ku Karoo, kumene nyama siziyandikirika, mwina adzafuna uta wothamangirapo, ndipo sindingamutsutse.

Palinso chinthu china chimene chili chabwino ndi choipa nthawi imodzi. Chifukwa chakuti khoma n'lolimba ndipo dzanja limagwira mphamvu yochepa, munthu angathe kuzolowera ulesi, kungotsamira pakhomapo osapitiriza kukoka ndi minofu ya kumsana, ndipo akatero kamasulidwe kake kamayamba kusokonekera. Ndinadziona ndikuchita zimenezi m'nyengo yoyamba, mivi itayamba kupatukira kumanja. Tizitsulo toimitsa tija timatha kusunthidwa pang'ono kuti chigwa chifupike ndi kuti dzanja lizigwira mphamvu yochulukirapo, ndipo nditatero zinthu zinakhala bwino.

Poyerekeza ndi mauta ena amene ndawagwirapo, umene umayandikira kwambiri ndi Mathews Switchback XT wa 2006, umene mwini famu wathu amasakirabe mpaka lero. Kampani ya Mathews, imene Matt McPherson anayambitsa mu 1992 ndipo ili ku Sparta m'boma la Wisconsin, inatchuka ndi mauta okhala ndi cam imodzi yokha kumunsi ndi wilo lozungulira bwinobwino kumwamba. Switchback XT ndi wa mainchesi 31, mpata wa nsinga ndi mainchesi 7 ndi theka, ndipo liwiro lolembedwa ndi mafiti 315. Pa kufewa kokha pokoka, ndinganene kuti umaposa Synergy pang'ono, ndipo m'chisakasa chopanikiza ndi wosavuta kutembenuza. Koma khoma lake n'lofewerapo, chogwirira chake chamtengo n'chonenepa m'dzanja langa, ndipo kutalika kwa kakokedwe kumadalira cam imene yaikidwapo, kotero kuti kusintha kumafuna kugula ina. Ndi uta wazaka pafupifupi makumi awiri, ndipo ngakhale ndimaulemekeza, amene akuugula lero adziwe kuti akugula chinthu chakale.

Kampani ya Bowtech ya ku Eugene m'boma la Oregon inayesa njira ina imene ndimaiona kuti n'njanzeru. Pa mauta ake ambiri pali kachitsulo pa wilo kamene munthu angathe kukatembenuza, mbali imodzi yolembedwa Performance ndi ina Comfort, ndipo uta womwewo umakokeka mwaukali kapena mofewa malinga ndi mbali imene yasankhidwa. Mlenje wina wochokera ku America anandilola kuyesa wake mbali zonse ziwiri, ndipo kusiyana kwake kunali komveka, makamaka pamene nsinga ikulowa m'chigwa. Amene ali ndi ndalama zogulira uta watsopano ndipo sanatsimikize chimene thupi lake lingakwanitse, njira imeneyi imamupatsa mpata wosintha maganizo osagulanso wina. Ponena za oyamba kumene, achinyamata ndi amayi, ndaona ambiri akuyamba ndi Diamond Infinite Edge Pro kapena Bear Cruzer G2, mauta amene mphamvu yake imasinthika kuchoka pa mapaundi 5 kufika 70 ndipo kutalika kwa kakokedwe kumasinthika popanda makina opanikizira. Khoma lake silolimba ngati la Synergy ndipo kamvekedwe kake m'dzanja n'kotsikirapo, koma amalola munthu kuyamba ndi mphamvu yochepa n'kumakweza thupi likamazolowera, ndipo uta uliwonse umakokeka mofewa ngati mphamvu yake ili yolingana ndi mwini wake.

Mfundo yomalizayi ndi imene ndimaumirira alendo akandifunsa. Anthu ambiri amene amadandaula kuti uta wawo ndi waukali, vuto lenileni limakhala lakuti anagula mapaundi oposa msinkhu wawo kapena kakokedwe n'kotalika kuposa mikono yawo. Njira yachidule yoyerekezera kutalika koyenera ndiyo kutambasula manja onse awiri, kuyeza mainchesi kuchoka kunsonga ya chala chapakati kufika kunsonga ya chinzake, n'kugawa ndi 2.5, ngakhale kuti wodziwa ntchito ayenera kudzaonanso munthuyo atakoka. Kakokedwe kakatalika ndi inchi imodzi yokha, phewa lakutsogolo limakwera, nsinga imamenya mkono, ndipo chigwa chimamveka ngati palibe. Pokayesa uta m'sitolo, musaimirire monga amachitira onse. Pemphani mpando, mukhale, mukweze mapazi pang'ono kuti asathandize, muloze chandamale, ndipo mukoke pang'onopang'ono mmene mungathere, muvi uli pansinga, pakuti uta wa mawilo ukamasulidwa wopanda muvi ungathe kusweka m'manja. Ngati simungathe kukoka popanda kukweza uta kumwamba kapena kupotoza thupi, tsitsani mapaundi. Mukafika pakhoma werengani mpaka 30, kenako lolani nsinga ipite kutsogolo pang'ono kuti mumve kutakata kwa chigwa, ndipo pomaliza muibweze osaponya. Muchite zimenezi ndi mauta atatu kapena anayi oikidwa pa mphamvu yofanana ndi kutalika kofanana, chifukwa kuyerekeza wa mapaundi 70 ndi wa 60 sikungakuuzeni kanthu. Wogulitsa wina anandiyang'ana modabwa nditapempha mpando, koma atandiona ndikukoka anamvetsa, ndipo iye yemwe ndi amene anakatenga Synergy uja kuseri, umene munthu wina anasiya posinthanitsa ndi watsopano.

Pogula wogwiritsidwapo kale ntchito ndinapukuta mikono yake ndi thonje, chifukwa thonje limakodwa pamene pali kamng'alu kosaoneka ndi maso, ndinayang'ana m'mphepete mwa mawilo ngati panali popindika, ndipo ndinasintha nsinga ndi zingwe zonse ngakhale zinkaoneka zabwino, popeza palibe amene akanandiuza zaka zake. Dzuwa la ku Limpopo limaononga nsinga msanga, ndipo uta wosiyidwa m'galimoto yotseka masana ungathe kusokonekera tsiku limodzi. Ndimapaka phula pansinga milungu iwiri iliyonse m'nyengo yosaka, ndipo kuchokera pamene ndinasintha nsinga ndi zingwe zija, mawilo ndawagwirizanitsa kamodzi kokha.

Owerenga ena ali m'mayiko amene malamulo ake ndi osiyana, ndipo zimenezi ziyenera kudziwika munthu asanaononge ndalama. Ku South Africa kusaka ndi uta n'kololedwa, koma kumatsata zilolezo ndi malamulo a chigawo chilichonse, ndiponso chilolezo cha mwini malo. Ku Britain munthu angathe kukhala ndi uta ndi kulasa chandamale, koma kusaka nawo nyama n'koletsedwa ndi lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981. Kwathu ku Malawi, lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017 ndipo zilango zake zimafika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu, choncho zimene ndalemba pano n'za ulenje wovomerezeka, pamalo ovomerezeka.

Nyengo ikubwerayi ndakonza zotsitsa utawu ndi mapaundi ena atatu kapena anayi ndi kuwonjezera kulemera kwa nsonga ya muvi, chifukwa phewa lija limandikumbutsabe m'mawa kukazizira kwambiri. Mikono ya uta wa mapaundi 60 imalola kumasula mabawuti mpaka cha m'ma 50, ndiye malo alipo. Ndayamba kale kuyeserera m'mamawa ndisanamwe tiyi, nditavala jekete lomwe ndimavala m'chisakasa, nditakhala pa mpando wapulasitiki kuseri kwa nyumba yosendera nyama, muvi umodzi wokha patsiku pa mtunda wa mamita 20, pakuti kudziwe kuja muvi woyamba, woponyedwa thupi lili lozizira, ndi umene ndimakhala nawo.